Mwana wa ku Chitipa amene buku lake a Ngwazi analiopa

Inu a malonda, munthu wa mpingo wina akakupatsani kabuku pamsika mumatani? Ambiri timalandira mwaulemu, iye akangotembenuka basi takulungira usipa. Ena salandira n'komwe, ati "za chikunja izo, zindisokoneza mutu." Musanang'ambe kena, tamvani nkhani ya Legson Kayira.

Kayira anabadwira m'mudzi wa Mpale m'boma la Chitipa, kwa makolo osauka. Ali pasukulu ya Livingstonia anawerenga za Abraham Lincoln ndi Booker T. Washington, anthu a ku America amene chikhalidwe ndi maganizo awo zinali kutali ndi za kumudzi kwawo. Washington anabadwa ali kapolo koma anadzatsogolera sukulu yotchuka ya Tuskegee. Mnyamatayu anaona kuti umphawi si chilango cha muyaya ayi.

Mu 1958 ananyamuka wapansi, atatenga Baibulo ndi buku la Pilgrim's Progress, cholinga akaphunzire ku America. Anadutsa Tanganyika mpaka Kampala, komwe m'laibulale anapeza dzina la Skagit Valley College. Analemba kalata ndipo anamupatsa malo. Atafika ku Khartoum anakwera ndege mu 1960. Pambuyo pake anakaphunziranso ku Cambridge, ndipo mu 1965 anatulutsa buku la moyo wake, I Will Try.

Zinthu zinavuta mu 1974 pomwe analemba The Detainee, nkhani ya munthu wamba wotsekeredwa popanda mlandu m'dziko lolamulidwa mwankhanza. Boma la chipani chimodzi linadziona pagalasi, bukulo osaloledwa kuno. Kayira anakhala ku England mpaka kumwalira kwake mu 2012.

Sanali yekha. Lamulo la 1968 linakhazikitsa Censorship Board, gulu loti lizitisankhira chowerenga ngati ndife ana a mkaka. Mabuku mazanamazana analetsedwa. Ndakatulo za Jack Mapanje, Of Chameleons and Gods, zinachotsedwa m'masitolo ndi m'masukulu, mwini wake n'kukhala ku Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991 osaonekera kukhoti. A Mboni za Yehova analetsedwa mu 1967, ndipo kupezeka ndi timabuku tawo kunali kudziputira nkhonya za ayufi ndi ndende. Chiletsocho chinachoka mu 1993.

Tsono taonani zomwe zinachitika pa 8 Malichi 1992. Mabishopu a Katolika anatulutsa kalata yodzudzula kuponderezana, boma n'kulamula kuti wopezeka nayo amangidwe. Koma a CCAP, a Anglican ndi Asilamu anaiwerenga mobisa, kupatsirana ngati katundu wozembetsa paboda. Akanati "za Aroma izo, ife sizikutikhudza," mwina tikanagulabe khadi la chipani tisanalowe mumsika. Chaka chomwecho zipembedzo zosiyana zinakhalira pamodzi mu Public Affairs Committee, ndipo pa 14 Juni 1993 nyale inagonjetsa tambala wakuda pa riferendamu. Palibe Msilamu anasiya mzikiti chifukwa chowerenga kalata ya mabishopu.

Pa Chitipa Boma zimenezi si zachilendo. Mlambya, Msukwa, Mndali ndi Mtumbuka amagulana nyemba tsiku ndi tsiku, wina wochokera ku Tunduma ndi Chiswahili chake, wina wa ku Nakonde ndi Chibemba. Wamalonda wochenjera amayamba wazungulira mabenchi a anzake kumva mitengo, osati kuti atseke benchi yake, koma kuti adziwe pomwe waima. Buku la maganizo ena n'chimodzimodzi. Werengani, funsani kuti walemba ndani ndipo akufuna chiyani, chabwino tolani, chabodza mukhale ndi yankho lake. Mwana wosayenda amayesa amake okha ndiwo odziwa kuphika.

Masiku ano malamulo a dziko amatipatsa ufulu wa chipembedzo ndi wa maganizo. Anthu anagona m'ndende kuti ufuluwo ubwere. Zingakhale zamanyazi kuti ntchito yoletsa mabuku, yomwe kale inkagwiridwa ndi boma, tiziigwira tokha m'nyumba mwathu.