Magetsi Abwera, Koma Pulinta Yakana

Kalata yofunsira ntchito yatha kulembedwa, kope la chitupa cha NRC lili pa kompyuta, tsiku lomaliza ndi mawa. Munthu adina posindikiza, pulinta ili duu. Mmawa mwake akwera minibasi kuchokera ku Chelstone kapena ku Kabwata kupita m'tauni ya Lusaka, kukalipira tsamba ndi tsamba m'mashopu a mu Cairo Road ndi Chachacha Road. Wa ku Kabulonga kapena ku Woodlands mwina angogula ina. Zimandipweteka mtima, chifukwa nthawi zambiri makina aja amakhala asanafe.

Vutoli linakula mu 2024. Pa 29 February, Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilala chafika poti ndi tsoka la dziko lonse. Madzi opangira magetsi anatsika ku Kariba, ndipo pofika September makomo ambiri mu Lusaka ankaona magetsi a ZESCO maola ochepa chabe pa tsiku. Pulinta ndi chipangizo chosagwirizana ndi moyo wotero.

Magetsi akazima ntchito ili mkati, chikalatacho chimakakamira pamzere umene Windows imasungira zoti zisindikizidwe, ndipo zonse zobwera pambuyo pake zimaima, monga amaimira magalimoto mu Great East Road lole ikafa pakati pa msewu. Kudinanso kakhumi kumangotalikitsa mzerewo. Chofunika ndi kutsegula Services, kuimitsa Print Spooler, kufufuta zonse zili mu C:\Windows\System32\spool\PRINTERS, kenako n'kuiyatsanso. Ndi ntchito ya mphindi zisanu, ndipo palibe chifukwa choti wina akulipiritseni ngati wasintha chipangizo.

Pulinta ya Wi-Fi ili ndi vuto lake. Rauta ikazima n'kuyakanso, imatha kuipatsa adiresi yatsopano pamene kompyuta ikuifunafuna pa yakale, n'kumalemba kuti ili offline. Ichotseni pa kompyuta n'kuiikanso, kapena ingolumikizani ndi chingwe cha USB. Onaninso ngati simukutumiza ntchito ku Microsoft Print to PDF, yomwe siitulutsa pepala ngakhale limodzi.

Choopsa kwenikweni ndi inki. Ma Epson EcoTank ndi ma Canon PIXMA amapopera inki kudzera m'timabowo tating'ono kuposa tsitsi. Mukazimitsa pa batani lake, mutu wosindikizira umabwerera pamalo pake n'kutsekedwa kuti usaume. Magetsi akangothima mutuwo uli pakati, umatsala pamtunda, ndipo kutentha ndi fumbi la October zimamaliza ntchito. Pepala limatuluka loyera kapena la mizeremizere, thanki ili yodzaza. Yambani ndi nozzle check, mutsuke mutu kamodzi kapena kawiri, kenako muipumitse maola angapo. Kutsuka mobwerezabwereza kumadya inki ndiponso kumadzaza thonje la m'kati lomwe limayamwa inki yotayika, mpaka pulinta imadzitseka yokha.

Ngati zikalata zina zikutuluka koma chimodzi chokha chikukana, pulinta ilibe mlandu. Mafomu ochokera ku America amakhala pa pepala la Letter, pamene kuno timagwiritsa ntchito A4, la 210 mm ndi 297 mm. PDF yovuta imatuluka mukasankha Print as Image mu Adobe Reader.

Amene muli ndi pulinta ya laser, musaiike pa inveta yaing'ono ya m'nyumba. Chotenthetsera chake chimakoka magetsi ochuluka ikamayamba, ndipo inveta imatha kuzima pepala lili pakati, mzere uja n'kukakamiranso.