Bwana, wanchito akathawa, phindu nalo lathawa

Muli na cigayo ku Kasenengwa, shopu ya feteleza mu Chipata, olo kagalaji pa Kapata? Ambili mwa inu mumawelenga cabe ndalama zimene mwasunga polipila wanchito mocepa. Nanga zimene mumaluza akakusiyani, munawelengako?

Tengani opaleta wa cigayo. Amene wakhalapo zaka zitatu amamva injini ikasintha kalilidwe, azimitsa isanafe. Watsopano amaphunzilila pa makina anu, dizilo yanu na cimanga ca kasitomala. Unga ukacoka wa misele, amai aja mailo apita pa cigayo ca neba, ndipo auzako anzawo ku mjigo. Nyengo yogula nshawa na soya ni cimodzimodzi: mnyamata wa pa sikelo wosadziwa mbewu yosauma adzakugulilani madzi pa mtengo wa nshawa.

Masamu awa si a ku Kasenengwa cabe. Mu 1913 fakitale ya mamotoka ya Henry Ford ku America inalemba anthu opitilila 50,000 kuti isunge malo a nchito pafupifupi 14,000, cifukwa anthu anali kungolowa na kucoka. Mu January 1914 Ford anakweza malipilo kufika madola 5 pa tsiku, kuwilikiza kawili na kupitililako. Anthu analeka kuthawa, nchito inayamba kuyenda mwamsanga, ndipo phindu la kampani linakwela.

Simuli Ford, tidziwa. Koma poyambila ni pafupi. Lipilani pa tsiku limene munapangana, kaili lendi na ndalama za kusukulu siziyembekeza. Mulembetseni ku NAPSA: inu muikako 5 peresenti, iye 5 peresenti. Ku NHIMA ni 1 peresenti aliyense, ndipo mwana akadwala apita na khadi ku cipatala m'malo mobwela kwa inu kudzapempha advansi. Wa pa cigayo mugulileni cophimba kumphuno. Fumbi la unga likamugoneka, cigayo naco cigona.

Za maphunzilo nazo musaziope. Kucokela mu 2017, makampani akuluakulu amalipila Skills Development Levy, 0.5 peresenti ya malipilo a anchito, ndalama yothandiza maphunzilo a maluso pansi pa TEVETA. Inu a bizinesi yaing'ono mungayambe na kakosi kafupi ku Chipata Trades, olo kuitana makanika kuti aseweze na mnyamata wanu masiku angapo.

Mudzati, “Nanga nikamuphunzitsa, athawe?” Ena adzapitadi. Koma ambili sathawa cifukwa ca luso, amathawa malipilo ocedwa na kukalipilidwa pamaso pa makasitomala. Wanchito amene aona kuti caka camawa adzakhala kapitao saba mafuta, cifukwa adziwa kuti akudziba yekha.

Manje mwezi uno ukasila, tsegulani buku. Lembani mwasintha anchito angati caka cino, na masiku amene makina anaima. Yankho mudzaipeza mwekha.