Kaputeni Rhoades ndi mzinga wa ku Mangochi

Amene mwapitako ku Mangochi mwauona mzinga uli pafupi ndi nsanja ya wotchi, kufupi ndi mlatho wa pa Shire. Ana akatifunsa za mzingawu timangoti ndi wa azungu, nkhani n'kuthera pomwepo. Unachokera m'sitima yankhondo ya Angerezi yotchedwa Guendolen, imene inkayendetsedwa ndi Kaputeni Edmund Rhoades.

Rhoades anakhala zaka zambiri pa nyanja ya Malawi nkhondo isanayambe. Ankayeza kuya kwa madzi, kujambula mapu a magombe, ndiponso kutumiza nsomba ku London kuti akatswiri akaziphunzire. Asodzi athu angakonde kumva kuti nsomba zina za m'nyanjamo zili ndi dzina lake m'mabuku a sayansi, monga Chilotilapia rhoadesii.

Mu Ogasiti 1914 nkhondo yoyamba ya dziko lonse inabuka ku Ulaya. Lamulo linachokera konkuno ku Zomba, tauni imene Likangala wathu amadutsamo asanafike ku Chilwa: Bwanamkubwa George Smith anafuna kuti sitima ya Majeremani, Hermann von Wissmann, iwonongedwe. Rhoades anaipeza atayikokera kumtunda kuti aikonze pa doko la Sphinxhaven, lomwe lero ndi Liuli ku Tanzania. Anaiombera, naigwira popanda nkhondo yeniyeni.

Apa m'pamene nkhaniyi imatikhudza mtima. Woyendetsa sitima ya Majeremani, Kaputeni Berndt, anali mnzake wa Rhoades, ankachezerana. Uthenga wa nkhondo unali usanamufike. Anapalasa bwato kudzafunsa mnzakeyo ngati walezera, koma anabwerera ali mkaidi. Angerezi anazula mzinga ndi zida zina za injini ya sitimayo, ndipo ku London anakondwera kuti apambana koyamba pamadzi.

Ambiri amaisimba nkhaniyi moseka. Ife timaona kuti kwa makolo athu sinali yoseketsa. Nyanja itangokhala m'manja mwa Angerezi, njira yopita kumpoto inatseguka. Sitima zinayamba kunyamula asilikali a King's African Rifles, omwe likulu lawo linali ku Zomba, ndipo ambiri mwa iwo anali Ayao a m'midzi ngati yathuyi. Pa 9 Seputembala 1914 anamenyana ndi Majeremani ku Karonga. Pambuyo pawo panatsatira atengatenga, amuna otengedwa m'midzi kukasenza katundu wa nkhondo, ndipo ambiri anafera m'njira ndi njala ndi matenda. Chakumapeto kwa chaka chomwecho John Chilembwe analemba kalata yodandaula kuti anthu akuda akufera nkhondo yosakhala yawo.

Majeremani anayesa kukonzanso sitima yawo, koma mu Meyi 1915 Angerezi, motsogozedwa ndi Dennistoun, anabwerera ku Sphinxhaven n'kuiwononganso. Mayina a asilikali ena amene sanabwerere analembedwa pa chipilala cha KAR ku Zomba, m'mbali mwa msewu wopita ku Blantyre.