Matenda Nawonso Amakwera Basi

Kusanache n'komwe, pokwerera mabasi ku Kapata mumzinda wa Chipata pamakhala patadzaza kale. Pali amayi okapikula zitenje ndi salaula ku Lusaka, anyamata ogulitsa mafoni, aphunzitsi ndi anamwino oitanidwa kumisonkhano. Patsogolo pawo pali makilomita oposa 550 a msewu wa Great East, kudzera ku Katete, Petauke, Nyimba mpaka kuwoloka mlatho wa Luangwa. Aliyense mpamba wake wawerenga kawiri n'kuumanga bwino m'chiuno. Koma za madzi amene amwe panjira, ndi ochepa amene aganizirako.

Pamadzipo ndi pamene pagona nkhani. Kolera amene anabuka ku Lusaka mu Okutobala 2023 anadwalitsa anthu oposa 20,000 m'dziko lonse la Zambia ndi kupha oposa 700. Bwalo la mpira la National Heroes linasanduka chipatala, ndipo sukulu zinachedwa kutsegulidwa mpaka mu Febuluwale 2024. Izi zisanachitike, dziko la Malawi linali litataya anthu oposa 1,700 ndi matenda omwewa kuyambira mu Malichi 2022, ndipo mu Januwale 2023 kolera anapezeka ku Vubwi, boma la m'malire loyandikana ndi Chipata. Munthu wa geni amene lero ali ku Mchinji, mkuja ku Lusaka, amamwa madzi a malo onsewa. Angathenso kubwera nato tizilomboto kunyumba iye osamva kalikonse m'thupi, chifukwa ambiri amene atenga kolera saonetsa zizindikiro.

Basi ikangoima pa Luangwa kapena pa Nyimba, malonda amafika pazenera: nsomba, nthochi, mazira owiritsa, thobwa wa m'mabotolo akale. Sikuti zonse n'zoopsa ayi. Nthochi ili ndi khungu lake, munthu amasenda yekha. Chimanga chochoka pamakala chikutentha chilibe vuto. Chokayikitsa ndi chakudya chimene chaphikidwa m'mawa n'kukhala padzuwa ntchentche zikuteramo, ndiponso chakumwa chimene madzi ake sakudziwika kochokera. Manjanso amaiwalika. Dzanja lomwe lalandira chenji, lagwira chitseko cha chimbudzi cholipira, ndi lomwelo limanyema nsomba. Kachidutswa ka sopo n'kotchipa kuposa botolo la zoziziritsa kukhosi, ndipo sikalemera m'chikwama.

Pali chizolowezi china chomvetsa chisoni, makamaka pakati pa amayi: kusamwa madzi tsiku lonse poopa kuti basi siima akafuna kutaya madzi. M'chigwa cha Luangwa mwezi wa Okutobala, kutentha kwake n'kosasimbika, ndipo thupi louma limabweretsa mutu, chizungulire ndi mavuto a chikhodzodzo. Ndi bwino kunyamula madzi owiritsa kapena othira klorini kuchokera kunyumba, kumamwa pang'onopang'ono, ndi kupita kuchimbudzi paliponse pamene basi yaima. Eni mabasi nawonso ayenera kudziwa kuti kuima kwa mphindi khumi si kuchitira anthu chifundo, ndi udindo wawo.

Kutsekula m'mimba kukayamba panjira, chithandizo choyamba ndi ORS. Ngati paketi palibe, lita imodzi ya madzi aukhondo, masupuni a tiyi 6 a shuga osasefukira ndi theka la supuni ya tiyi ya mchere zimagwira ntchito yomweyo. Koma chimbudzi chikakhala chamadzi oyererako ngati otsukira mpunga, nkhani ya kukapikula katundu yathera pomwepo. Kolera amatha kupha munthu wamkulu m'maola ochepa, choncho wodwala atsike pachipatala chapafupi, monga St Francis ku Katete, osadikira kukafika ku Lusaka.

Usiku uli ndi zake. Madalaivala a mathiraki odikira mapepala pachipata cha m'malire cha Mwami amagona m'galimoto mawindo ali pululu chifukwa cha kutentha, ndipo m'malo ogona otchipa neti imakhala yobooka kapena kulibiretu. Udzudzu wa malungo umaluma usiku. Neti yakeyake imakwana pakona pa chikwama, ndipo ndi katundu woyenera kuyenda naye monga foni. Opita kukagwira ntchito ku Mfuwe, kufupi ndi nkhalango ya South Luangwa, asamalenso ndi kashembe, ntchentche yoluma masana imene imafalitsa kaodzera. Imakopeka ndi zovala zakuda ndi zabuluu.

Amene amamwa ma ARV, mankhwala a BP kapena a shuga awaike m'chikwama cha m'manja, osati m'katundu wopita pansi pa basi, ndipo atenge oposa masiku a ulendo, poti galimoto imafa ndipo mapepala amachedwa. Amene wagona ndi munthu panjira popanda kondomu ali ndi maola 72 okha oti ayambe mankhwala a PEP oteteza ku HIV.

Vuto la malungo ndi lakuti saonekera pomwepo. Nthawi zambiri amadikira masiku 10 mpaka 15, munthu atabwerera kale n'kuiwala za usiku wa pa Mwami uja. Thupi likatentha, ambiri amati ndi kutopa kwa ulendo, n'kugula Panado pagolosale. Chofunika ndi kukayezetsa magazi tsiku lomwelo, kaya kukiliniki ya pafupi kaya ku Chipata Central Hospital, ndi kumuuza dokotala malo onse amene munthu wayenda ndi kugona m'mwezi wapitawo.