Nzeru za moto zili pakhomo pathu pomwe

Pali masewero ena a pakompyuta otchedwa Dwarf Fortress, omwe anapangidwa ndi Tarn Adams ndi mbale wake Zach a ku America ndipo anatuluka koyamba mu 2006. Wosewera amatsogolera tianthu tatifupi, tonga Akafula a m'mbiri yathu, pokumba phiri ndi kumangamo linga. Pansi penipeni pa phirilo pali chiphalaphala cha miyala yosungunuka, chotentha pafupifupi madigiri 1,100, chomwe amasulira zipangizo popanda makala.

Koma pali lamulo. Chitseko chotchinga chiphalaphalacho chiyenera kukhala cha chinthu chopirira moto. Ukaika cha mkuwa, womwe umasungunuka pa madigiri 1,085, chitseko chimasungunuka ndipo linga lonse limapsa. Chitsulo chenicheni, chomwe chimafuna madigiri 1,538, chimapirira. Umapiriranso mwala wa bauxite, womwe kuno kwathu umapezeka paphiri la Mulanje.

Ine ndimaphunzitsa sayansi kuno ku Chisenga, m'tsinde mwa mapiri a Mafinga, komwe kompyuta ndi chinthu chosowa. Komabe lamulo la m'masewerowa si lachilendo kwa ife. Makolo athu ankalitsata kalekale Azungu asanabwere.

Pa Nyika mpaka lero pali mabwinja a ng'anjo zomwe Aphoka ankayengeramo chitsulo. Moto wa makala m'ng'anjo zoterezi unkafika pafupifupi madigiri 1,200, osakwana kusungunula chitsulo. Chomwe chinkasungunuka ndi zinyalala za mumwala, nkutsala chibuma cha chitsulo chomwe ankachisula kukhala makasu ndi nkhwangwa. Khoma la ng'anjo ndi timipope tolowetsa mpweya zinali zadothi, ndipo woumba akasankha dothi lolakwika, ntchito yonse inkapita m'madzi. Anthuwo analibe choyezera kutentha, koma ankadziwa chomwe chimagonja msanga ndi chomwe chimalimba.

Nzeruzi zikadalipo. Amisiri oumba mapoto m'misika amasungunulira aluminiyamu m'chiwiya chachitsulo chifukwa aluminiyamu amagonja pa madigiri 660 okha, chitsulo chikadali gwa. Amayi oumba miphika ndi mbaula za Chitetezo sathamangira kuwotcha. Amayamba aumitsa pamthunzi, poti madzi otsalira m'dothi akafika madigiri 100 amasanduka nthunzi yomwe imang'amba mphika.

Pomwe tikutaya kwambiri ndi pauvuni wa njerwa. Kuti njerwa ipse bwino imafuna madigiri 900 kapena kuposa. Uvuni ukamatidwa mosasamala, kutentha kumathawira kunja. Njerwa za pakati zimapserera, za m'mbali zimatuluka zosapsa ndipo zimafumbutuka mvula yoyamba ikagwa. Mwini wake amadulanso mitengo ina kuti awotche kachiwiri. Mu 2018 boma linaletsa njerwa zowotcha ndi nkhuni pa zomangamanga zikuluzikulu, koma kumudzi kuno tikuwotchabe, ndipo nkhunizo zikuchoka m'mapiri momwe mumachokera madzi omwe timamwa.

Chomwe chimandiwawa nchakuti mwana wa Fomu 2 amatha kuloweza manambala onsewa kuti akhoze mayeso, koma akafika kwawo nkupeza bambo ake akusonkhezera uvuni wong'ambika, saona kuti nkhani yake ndi yomweyo. Wosewera Dwarf Fortress saiwala nambala ya mkuwa chifukwa linga lake linapsapo. Ifenso tili ndi malinga athu omwe akupsa tikuona: nyumba zogumuka, ndalama zotayika ndi nkhalango zomwe zikutha.

Pempho langa kwa aphunzitsi anzanga ndi lakuti phunziro la kutentha tisalitsekere m'kalasi. Tipite ndi ana kwa woumba miphika, kwa mmisiri wa mapoto ndi pauvuni, akafunse ndi kuona okha. Nanu makolo, mwana akakufunsani chifukwa chomwe mumamatira uvuni ndi matope, musamuthamangitse. Muuzeni, pakuti imeneyo ndi sayansi yomwe ili pamayeso ake.