Mutu 6: Kuphunzitsa za Liwiro ndi Masewera a Mpikisano wa Galimoto pa Kompyuta

Chiyambi

Tauni ya Ruwa ili pa msewu waukulu wa Harare kupita ku Mutare. Ana ambiri a m'mafamu ozungulira tauniyi, kuphatikizapo zidzukulu za anthu amene anachokera ku Malawi kudzagwira ntchito, amawoloka msewuwu popita kusukulu. Mwana akaona galimoto patali amati, "Aa, aima ameneyo." Sadziwa kuti galimoto yothamanga siima pomwepo. M'mutu uno muona mmene masewera a pa kompyuta angakuthandizireni kuphunzitsa mfundo imeneyi.

Kodi masewerawa ndi otani?

Alipo masewera amene amatsanzira mmene galimoto yeniyeni imayendera. Kompyuta imawerengera kulemera kwa galimoto, mphamvu ya injini ndi kugwira kwa matayala pamsewu. Otchuka ndi TORCS, amene anayambitsidwa mu 1997 ndi Eric Espié ndi Christophe Guionneau. Kuchokera ku TORCS kunabadwa Speed Dreams. Palinso VDrift, amene anayamba mu 2005.

Masewerawa ndi a gulu la mapulogalamu otchedwa open source. Izi zikutanthauza kuti eni ake analola aliyense kuwagwiritsa ntchito, kuwakopera, kuwasintha ndi kugawira ena, malinga ndi chilolezo cha GPL. Choncho mukawapeza kamodzi mutha kuwaika pa fulashi n'kupatsa mphunzitsi mnzanu, osaopa kuti mwaba. TORCS imayenda pa Windows ndi pa Linux, ndipo posewera sipafunika intaneti.

Masamu ake

Galimoto yoyenda makilomita 60 pa ola imadutsa pafupifupi mamita 17 pa sekondi iliyonse. Pa makilomita 120 imadutsa mamita 33. Dalaivala akaponda mabuleki, liwiro limatsika mpaka galimoto itaima. Kuti mupeze mtunda umene yayenda ikuima, tengani theka la liwiro loyamba n'kuchulukitsa ndi masekondi amene yatenga.

Pa phula louma, galimoto wamba yoyenda makilomita 60 pa ola imaima itayenda pafupifupi mamita 20. Pa makilomita 120 imafuna mamita pafupifupi 80. Taonani: liwiro lawirikiza kawiri, koma mtunda wawirikiza kanayi. Chifukwa chake n'chakuti galimoto ikuthamanga kawiri komanso ikutenga nthawi yowirikiza kawiri kuti iime. Pamenepa sitinaphatikize mtunda umene imayenda dalaivala asanaponde n'komwe mabuleki.

Ntchito 1

1. Gawani ophunzira m'magulu. Kompyuta imodzi ndi yokwanira.
2. Mmodzi ayendetse pamalo owongoka mpaka makilomita 60 pa ola, kenaka aponde mabuleki. Wina awerenge masekondi pa wotchi.
3. Abwereze pa makilomita 120, ndiponso pa msewu wafumbi umene uli m'masewerawa.
4. Alembe zotsatira pa bolodi ndi kuwerengera mtunda.
5. Tulukani nawo pabwalo. Ayeze mamita 20 ndi mamita 80 ndi chingwe, aone ndi maso kutalika kwake.

Chenjezo

Galimoto zambiri za m'masewerawa ndi za mpikisano, zamatayala ogwira kwambiri, ndiye zimaima msanga. Auzeni ophunzira kuti lole yodzaza katundu kapena kombi yamatayala akutha imafuna mtunda wautali kuposa pamenepa, makamaka kukagwa mvula. Akumbutseninso kuti pa kompyuta ukagunda khoma umayambiranso, koma pamsewu palibe kuyambiranso. Musalole kuti phunziro lisanduke mpikisano woona katswiri woyendetsa. Wopambana ndi amene wawerengera bwino.

Mafunso odziyesa

1. Fotokozani m'mawu anuanu tanthauzo la open source.
2. Ngati galimoto imaima itayenda mamita 20 pa makilomita 60 pa ola, ingayende mamita angati pa makilomita 30?
3. Kodi phunziroli mungaliphunzitse bwanji tsiku limene magetsi azima?

Lembani mayankho anu m'kope ndipo mukakambirane ndi anzanu pa tsiku lokumana gulu lanu.