Mwana Wanu Ali ku Joni: Za Fomu Yopemphera Kukhalitsa

Lero tikamba za ana athu amene ali ku South Africa, kumene ife timangoti ku Joni, ndiponso za fomu imene munthu amalemba akafuna kukhalitsa m'dziko la eni mwachilolezo. Inu a ku Nathenje mumaona nokha mabasi akudutsa pa msewu wa M1 kulowera ku Dedza, kuti akaoloke Zambezi pa Tete ndi kukalowa pa Beitbridge. M'mabasimo muli ana anu, ndipo ena a iwo anagulitsa mtedza, soya kapena fodya wa chaka chonse kuti apeze ya ulendo.

Akuluakulu mukukumbuka masiku a Wenela. Nthawi imeneyo mnyamata sanali kuvutika ndi zolembalemba: kalaliki ndiye ankalemba, iye n'kungodinda chala. Mu 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown, m'dziko la Botswana, ndipo Amalawi 74 anafa. Pamenepo Dr Kamuzu Banda analetsa kulemba anthu a ku migodi. Theba anayambanso kulemba mu 1977, koma mu 1988 zinatheratu. Chiyambire pamenepo aliyense amapita payekha, ndipo za makalata ake amaziona yekha.

Tsono mverani bwino apa. Mmalawi wokhala ndi pasipoti amalowa mu South Africa popanda viza, koma amalowa ngati mlendo, ndipo masiku ake sapitirira 30. Chidindo cha pa malire chija chimamlola kucheza basi, osati kugwira ntchito. Wofuna kukhalitsa chifukwa cha ntchito, sukulu, chipatala kapena banja ayenera kupempha viza ya mtundu umenewo pa fomu yotchedwa DHA-1738, imene kale inkatchedwa BI-1738.

Kodi fomuyi amaiperekera kuti? Apa ndi pamene ambiri amasokera. Malamulo amene anayamba kugwira ntchito pa 26 May 2014 amati munthu amene analowa ngati mlendo sangasinthe viza yake kukhala ya ntchito kapena ya sukulu ali komweko. Ayenera kubwerera kuno kumudzi, akapemphe ku ofesi ya Kazembe wa South Africa ku Lilongwe. Olekerera alipo ochepa, monga wodwala mwakayakaya wofunika chipatala. Mu 2019 khoti lalikulu la dzikolo linagamulanso kuti mkazi, mwamuna kapena mwana wa nzika ya South Africa angathe kupempha ali konko. Amene ali kale ndi viza ya ntchito kapena ya sukulu, ndipo akufuna kuiwonjezera, amalemba fomu pa intaneti, n'kupita yekha ndi makalata ake ku ofesi ya VFS Global, imene imalandira mapempho m'malo mwa Home Affairs. Achite zimenezi kusanatsale masiku 60 kuti viza yake ithe. Asadikire sabata yomaliza.

Tibwere pa fomu yeniyeniyo. Ili m'Chingerezi, ndipo polemba pa dzanja munthu agwiritse ntchito inki yakuda ndi zilembo zazikulu. Funso loyamba ndi dzina, ndipo ndilo limagwetsa anthu athu koposa. Pajatu ife munthu mmodzi amakhala ndi dzina la ubwana, la kuchinamwali kapena kudambwe, la ubatizo, la bambo wake, kenaka mfunda. Kusukulu analembetsa ndi dzina la malume amene ankamlipirira fizi, pa chitupa cha unzika analemba la bambo, m'mudzi amangomuitana Phiri kapena Mbewe. Kwa ife zonsezi ndi munthu yemweyo. Kwa mlembi wa ku Pretoria amenewa ndi anthu atatu. Chotero pamene fomu yati "Surname" alembe dzina limene lili pa malo omwewo mu pasipoti, chilembo ndi chilembo, osaonjezera, osachotsa. Ngati pasipoti inalakwitsa kalembedwe, akonzetse pasipotiyo ku Immigration. Asayese kukonza cholakwacho pa fomu.

Tsiku lobadwa ndi chimodzimodzi. Ambiri a ife tinangouzidwa kuti tinabadwa chaka cha njala kapena nthawi yokolola, ndipo tsiku linachita kuganiziridwa polembetsa. Palibe kanthu. Tsiku limene linalowa mu pasipoti ndilo lake mpaka kalekale.

Fomu imafunsanso nambala ya pasipoti ndi tsiku limene idzathe mphamvu, kumene munthuyo akukhala, ngati ali pa banja, ana ake, womlemba ntchito kapena sukulu yake, ndi ngati anamangidwapo kapena kuthamangitsidwapo m'dziko lina. Funso lomalizali ena amaliyankha mwabodza, poganiza kuti za ku malire zinaiwalika. Sizinaiwalike, dzina ndi nambala ya pasipoti zili mu kompyuta. Wonama pa fomu amakanidwa, ndipo akhozanso kuimbidwa mlandu. Pamapeto asaine yekha, siginecha yofanana ndi ya mu pasipoti.

Fomu siyenda yokha. Pasipoti iyenera kukhala ndi masamba awiri osalembedwa, ndi kukhalabe ndi mphamvu masiku 30 kupyola tsiku limene munthuyo akuti adzachoke. Pafunika kalata ya dokotala, ndi kalata ya polisi yonena kuti alibe mlandu, zonse zosapitirira miyezi isanu ndi umodzi chilembedwere. Ya kwathu kuno imatuluka ku likulu la polisi ku Area 30, atadinda zala. Wa sukulu aonetse kalata yomulandira. Wa ntchito aonetse kalata ya womlemba ndi masatifiketi ake. Tinene mosabisa: viza ya ntchito ndi yovuta kwa munthu wopanda maphunziro kapena luso lapadera, pakuti amayang'ana maphunziro, malipiro ndi zaka zimene wagwira ntchitoyo. Wosamalira maluwa pa nyumba ya munthu kapena wogulitsa m'sitolo kawirikawiri sakwanitsa. Mwina mwamva kuti a ku Zimbabwe ndi a ku Lesotho anapatsidwa zilolezo zapadera. Nzoona, koma zimenezo ndi za maiko awo, Mmalawi sizimkhudza.

Pa vuto lotere ndi pamene dobadoba amalowerapo. Amauza mnyamata kuti ali ndi mnzake mkati, angopereka ndalama ndi pasipoti, chomata chituluka Lachisanu. Mnyamata amaimba foni kumudzi, inu n'kugulitsa mbuzi kapena ng'ombe ya ngolo. Chomata chogula pa msewu chimaoneka bwino mpaka tsiku limene wa pa malire achiyesa mu kompyuta. Ndalama ya viza imalipidwa ku ofesi yovomerezeka, ndipo amapereka lisiti yokhala ndi nambala yotsatira pempholo. Mwana akakupemphani ndalama ya makalata, mfunseni: waperekera ku ofesi iti, ndipo lisiti ili kuti?

Nanga wopyola masiku ake? Amene wapyola masiku osapitirira 30 amaletsedwa kulowanso kwa chaka chimodzi. Akabwereza zaka ziwiri zisanathe, amaletsedwa zaka ziwiri. Wopyola masiku oposa 30 amaletsedwa zaka zisanu. Wogwidwa alibe makalata amakasungidwa ku Lindela, pafupi ndi Krugersdorp, kudikira kubwezedwa, ndipo amafika kuno ali chimanjamanja. Ena poopa zimenezi safuna n'kuyandikira malire komwe. Amalephera kubwera ngakhale ku maliro a mayi wao. Machona ambiri a masiku ano anayamba motero.

Inu mafumu, anthu amayamba kudza kwa inu akafuna umboni wolembetsera mwana wobadwa kapena chitupa cha unzika, chimene Boma linalembera anthu m'dziko lonse mu 2017. Musanadinde, onani kuti dzina ndi tsiku lobadwa zikufanana ndi za pa makalata a kusukulu ndi a kuchipatala. Inu makolo, mwana asananyamuke mjambulitse tsamba la pasipoti lokhala ndi chithunzi chake, pepala limodzi litsale m'nyumba mwanu. Pasipoti ikatayika ali konko, apite ku ofesi ya Kazembe wa Malawi ku Pretoria kapena ku ofesi yathu ya ku Johannesburg, ndipo nambala ili pa pepala lija mudzamwerengera pa foni.